Ndinaluma Dzanja Limene Linandipulumutsa

Aleluya abale anga, moni nonse! Ndine gogo wake wa Tadala wa ku Soche, wogulitsa tomato mu Limbe, ndipo lero ndikuimba. Adokotala atati, "Amayi, mwafika nthawi yabwino, ubongo sunawonongeke," ndinaimba nthungululu muwodi mpaka anesi kundikhazika pansi!

Linali Lachiwiri m'mawa, ndikuthira tomato m'jumbo ya kasitomala. Dzanja lamanja linangoti lende, tomato mbwee pansi. Pakamwa panapotokera mbali imodzi, malovu chuchuchu. Ndimati ndinene "tolani", lilime likukana, mawu ngati a chidakwa. Anzanga a pabenchi anati ndi chiwanda chotumidwa ndi wansanje. Anandigwetsa pansi. Mmodzi wa iwo, Mai Dzinga, anandiwomba mbama, phaa! phaa! ati pakamwa pabwerere m'malo. Wina kundikoka tsitsi, akukuwa, "Tuluka!" Mlomo unang'ambika, magazi pachitenje ponse.

Posakhalitsa zinatha zokha. Dzanja linadzuka, mawu anabwerera, anthu m'manja, ati chiwanda chathawa. Inenso ndinayamba kutola tomato wanga.

Koma Mulungu anali ataimika pomwepo kasitomala uja, a Nyakamera a ku Chinyonga. Anati, "Mayi, amuna anga zinawayamba chonchi, zinatha, tinaseka. Patapita masiku awiri anagwa, mpaka lero sadzuka pamphasa. Tiyeni kuchipatala!" Ndinakana ine, tomato wanga aole? Anandigwira m'chiuno, kundikoka ngati mbuzi yogulidwa. Ndinawamenya zibakera, ndinawatukwana, ndinawaluma padzanja mano mpaka kulowa, Ambuye andikhululukire. Sanandisiye mpaka m'minibasi.

Kuchipatala anati inali sitiroko yaing'ono, magazi anatsekeka kanthawi m'mutu, yaikulu inali m'njira ikubwera. Bipi inali itakwera zedi, ine osadziwa. Tsopano ndikumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, mchere ndachepetsa, ndipo ndikuyenda ndi miyendo yanga, ndikuvina ndi miyendo yanga!

Abale, pakamwa pakapotoka, dzanja likagwa, lilime likalemera, ngakhale zithe msanga, musamenye munthu. Thamangani naye, mupemphere muli m'minibasi.

Zikomo Yesu! Lamulungu pakhomo panga panadzaza. Anabwera Tadala ndi amayi ake, achimwene anga a Tchale ochokera ku Nsanje, aneba anga a Fulasisko ndi akazi awo, amayi a mvano a Malita ndi a Joana, Mai Dzinga ambama aja atanyamula shuga, maso ali pansi, ndi mngelo wanga wa zipsera za mano anga padzanja, a Nyakamera.