Tipa ya Maliro ndi Miyala ya Amake Lute

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumadutsa pa tsamba langa lino, a kuno ku Kanyama ndi akutali omwe. Ine ndine Sakala, ambiri amanditchula atate ake Dalitso. Ena mwa inu mumandiona ndikudutsa pa tipa yobiriwira ija, yofuka utsi ngati ndikuwotcha makala, ndiye mumaganiza kuti zinthu zinangoyenda myaa kuchokera pachiyambi. Ayi ndithu. Linalipo tsiku limene ndinaima m'mphepete mwa dzenje ndikuona madzi akukwera pa makina amene ndinathirapo thukuta la moyo wanga wonse, manja ali lende. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandichotsera pamenepo.

Ndinabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ndili mnyamata, ndipo imvi zinandipeza pa kampani ina yomanga misewu. Ndinayamba ngati dilaiva, kenako ndinaphunzira kuyendetsa makina okumbira. Kampaniyo itatseka anatipatsa kangachepe kotsanzikira. Anzanga ena anagula maminibasi, ena anamanga nyumba za lendi. Ine ndinati chimene ndikudziwa ndi kukumba ndi kututa basi. Ndinagula tipa yakale yoyera, ndi chimakina chokumbira chija choyenda ndi matayala, chokhala ndi chifosholo kutsogolo ndi mkono kumbuyo. Chinali chitadutsa kale m'manja mwa anthu angapo, penti itasupuka, mafuta akudontha paliponse. Mkazi wanga atachiona chikulowa m'komboni yathu ya Kanyama chikutsokomola, anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Atate ake Dalitso, mwatibweretsera nkhalamba yoti tizidwazika?" Kuyambira tsikulo dzina lake linakhala Nkhalamba.

Tinayamba pang'onopang'ono. Ine ndinkakumba maziko a nyumba ndi maenje a zimbudzi, ndipo mwana wanga Dalitso, amene ali kale ndi banja lake, ankayendetsa tipa, kututa mchenga ndi kuchotsa dothi. Ku Kanyama pansi ndi mwala, munthu wa piki ndi fosholo amavutika sabata zambiri pa dzenje limodzi, ndiye anthu anayamba kutifuna. Sitinalemere, koma pakhomo pankafuka utsi.

Komatu m'komboni ukakhala ndi galimoto yaikulu, si yako wekha. Maliro akagwa, akuluakulu amafika pageti m'mawa zipewa zili m'manja. Lero akufuna nkhuni za pa siwa, mawa akufuna kuti uperekeze anthu kumanda. Ine ndine wa mtima wapachala, a pafupi nane amadziwa. Ndinkanyinyirika kuti kodi anthuwa akuganiza kuti dizilo ndimatunga pachitsime? Amake Dalitso ankangondipatsira makiyi n'kunena kuti, "Pitani, bambo. Nafenso tsiku lina tidzafuna otinyamula." Ndinkapita, koma ndikung'ung'udza.

Chaka china, mvula ili pakati, anamwalira bambo wina wa kuseri kwathu. Mkazi wake, amake Lute, ndi mmodzi mwa amayi aja amene amakhala m'mbali mwa msewu kuphwanya miyala ndi hamala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Madzi anali atadzaza m'tinjira tonse mpaka m'mawondo, mwina m'chiuno. Galimoto yonyamula maliro inafika pamene tala amathera n'kubwerera. Ena a magalimoto aatali anafunsidwa, onse anapeza zifukwa. Akuluakulu anabwera kwa ine, ndipo ulendo uno sanali kupempha za nkhuni. Ankafuna kuti ndinyamule bokosi lenilenilo.

Ndinazengereza, koma nditaona nkhope ya mayi uja ataima kumbuyo kwawo, nsalu itanyowa, mawu okana sanatuluke. Tinatsuka kumbuyo kwa tipa, amayi anayala zitenje, amuna anakweza bokosi. Anthu anaimirira molizungulira, tinadutsa m'madzi muja pang'onopang'ono akuimba nyimbo ya kutchalitchi, mpaka tinakafika kumanda. Tinadutsa pa msika masana dzuwa likuswa mtengo, Kanyama yense akuona.

Abale anga, ndinkaganiza kuti ndachita chabwino ndipo zatha. Sabata yotsatira ndinapita kukatula mchenga kwa bambo wina amene ankamanga nyumba, kasitomala wanga wakale. Anandiimitsa pageti. "Ba Sakala, osanimvela kuipa," anatero, "koma iyi motoka yanu ni ya malilo. Ine nimanga nyumba yogonamo bana, siningaike muchenga wa mu iyi motoka pa maziko." Ndinayesa kumuuza kuti tinatsuka, kuti mchenga ndi mchenga. Anapukusa mutu n'kutseka geti. Ndinabwerera ndi mchenga wanga, mutu ukuwira.

Nkhani inafala. Wina anasiya kuyankha foni, wina anati wapeza kale wina. Ndipo amene akufuna womukumbira amafunanso womuchotsera dothi, ndiye pokana tipa ankakananso Nkhalamba. Makina onse awiri anangokhala pabwalo miyezi yambiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinafika pogula penti n'kuipaka tipa yonse kuti ikhale yobiriwira, poganiza kuti anthu aiwala. Tsiku loyamba kutuluka nayo, ana a m'njira anathamangira kumbuyo akukuwa kuti, "Tipa ya malilo yavala vatsopano!" Masiku ano ndimaseka ndikakumbuka, koma tsiku limenelo sindinadye. M'mapemphero anga ndinkafunsa Mulungu mosabisa kuti, kodi malipiro a kuthandiza wamasiye ndi amenewa?

Chilimwe chili pafupi kutha, ndinapeza ntchito kwa munthu wina amene ankafuna dothi lofiira lokwirira bwalo la fakitale yake. Iye za maliro analibe nazo ntchito. Dothilo tinkakumba m'chidzenje chakale kumapeto kwa komboni, kumene anthu ankaswako miyala kalekale. Chinali chakuya kuposa nyumba, cholowera njira imodzi yotsetsereka. Ntchito inkayenda, mtima unayamba kukhala pansi. Ndiye masana ena Nkhalamba inatsokomola kawiri n'kuzima ili pansi penipeni pa dzenjelo, chifosholo chili pansi, miyendo yake iwiri yachitsulo yochirikiza kumbuyo itaponda nthaka. Makanika anati chimene chafa ndi pampu ya dizilo. Anaimasula n'kupita nayo m'tauni, akuti tidikire. Kumwamba kunali mbee, ndinaika mlonda n'kupita kunyumba.

Mvula inabwera msanga chaka chimenecho, ndipo inabwera yaukali. Amene mumakhala kuno mukudziwa kuti madzi a ku Kanyama sachoka. Pansi pali mwala, alibe kolowera, ndipo ena amachita kutumphuka m'ming'alu ya mwalawo. Nditafika m'mawa, matayala a Nkhalamba anali atamira theka. Njira yotsikira ija inali itasanduka phala. Dalitso anayesa kubwerera m'mbuyo ndi tipa kuti tikoke, matayala anangozungulira pamodzimodzi, tipayo n'kuyamba kutsetsereka cham'mbali, mpaka anaibwezera pamtunda movutikira. Ndinaimbira eni makina akuluakulu amene ndinkawadziwa. Aliyense anati sangaike makina ake m'matope otero, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Ndinazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti ndione mmene akukwerera. Posakhalitsa kamtengoko kanamira. Ndinkadziwa bwino tanthauzo lake. Madzi akalowa mu injini, Nkhalamba ikhala m'menemo mpaka chilimwe, dzimbiri likuidya, akuba akuisosola, ndipo chotuluka m'menemo chidzakhala chitsulo chokagulitsa pa sikelo. Zaka zanga zonse za ntchito zinali m'dzenje limenelo. Pa msinkhu wanga palibe akanandilembanso ntchito.

Ndinakhala pa sitepe ya tipa, mvula ikuwaza. Ukali wonse unali utandithera. Ndinapemphera motsitsa mawu kuti, "Atate, ine nzeru zandithera. Makinawa munandipatsa ndinu. Ngati mukuwatenga, ndipatseni mtima woti ndipirire. Ngati simukuwatenga, ndionetseni njira, chifukwa ine sindikuiona." Nditatsegula maso palibe chimene chinasintha, madzi anali kukwerabe. Koma mumtima munali bata limene sindingathe kulifotokoza. Ndinazindikiranso kuti amake Dalitso, amene anabwera nane m'mawawo, achokapo osatsanzika.

Patapita nthawi ndinamva phokoso la mawilibala. Nditacheuka ndinaona mzere wa anthu ukubwera m'matope, amayi atasenza ndowa ndi matumba, amuna atanyamula mafosholo, mitengo ndi majeke. Mkazi wanga anangouza amayi awiri a kutchalitchi, koma uthenga unayenda khomo ndi khomo monga umayendera uthenga wa maliro. Patsogolo pa onse panali amake Lute, chitenje atamanga m'chiuno.

"Ba Sakala, uzani mwana abweletse tipa ku musewu, titenge myala," anatero.

Ndinadziwa miyala imene ankanena. Inali milu ija imene iye ndi anzake anaphwanya ndi manja chilimwe chonse, kamwala kamodzikamodzi, padzuwa, kuti agulitse adyetse ana. Ndinati, "Amayi, sindingathe. Ine pano ndilibe choti ndikupatseni."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ninani wakamba vopatsana? Iyi motoka inanyamula batate bake Lute pamene bonse banakana. Manje nyamukani, manzi sayembekeza munthu."

Ndinanyamuka. Tipa inapita kumsewu maulendo angapo, amayi akupakira ndi ndowa, n'kumakhuthula miyala panjira yotsetsereka ija. Ena ankaisalaza ndi mafosholo, ena ankaipondaponda. Ife amuna tinalowa m'madzi mpaka m'chiuno. Popeza injini inali yakufa, chifosholo ndi miyendo sizikanadzuka zokha. Tinamasula mapaipi a mafuta, tinatukula ndi majeke ndi mitengo pang'onopang'ono, n'kumangirira m'mwamba ndi maunyolo. Munali anthu amene sindinkawadziwa n'komwe maina. Wina anandiuza kuti ndinabweretsa nkhuni pa maliro a mayi ake, wina anati anakwera tipa yanga poperekeza mlongo wake. Ine maulendo amenewo ndinali nditawaiwala, ndinkangokumbuka dizilo.

Ulendo womaliza miyala sitinakhuthule, tinaisiya m'tipa kuti ilemere, matayala agwire pansi. Tinamanga unyolo wautali. Dalitso anakhala pa chiwongolero cha tipa, ine ndinakwera pa Nkhalamba, madzi atatsala pang'ono kufika pa injini. Unyolo unakungika, unalira, Nkhalamba inagwedezeka n'kusuntha pang'ono. Amuna ankakankha kumbuyo, ndipo tikaima ankaponya miyala ikuluikulu kuseri kwa matayala kuti isabwerere. Popeza injini inali yozima, chiwongolero cha Nkhalamba chinali cholimba ngati chawotchereredwa.

Tili pakati pa chitunda, amayi anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yomwe ija anaimba tsiku limene tinanyamula bokosi m'madzi. Abale, ine si munthu wolira pagulu, koma pamenepo misozi inatsika, njira sindinkaionanso bwino. Ndinangogwira chiwongolero n'kumamvera amene ankakuwa kuti kumanja, kumanzere. Dzuwa lisanalowe, matayala onse anayi a Nkhalamba anaponda pamtunda. Amayi analuluta, amuna anakhala pansi m'matope momwemo akupuma. M'mawa mwake ndinapita kukaona dzenje lija. Linali litadzaza, ndipo pamene panaima Nkhalamba sipakanaoneka ngakhale denga.

Pampu inabwera, makanika anamanga, Nkhalamba inatsokomola n'kudzuka. Ntchito zoyamba zinachokera kwa anthu omwe aja amene anali m'matope. Uyu akufuna dzenje la chimbudzi, uyu mlamu wake akuyamba maziko ku Chawama, wina tchalitchi chawo chikukulitsa nyumba yopemphereramo. Iwo tipa ya maliro sankaiopa. Ena amaiopabe mpaka lero, ndipo ndinasiya kukangana nawo. Dzinalo silinachoke, inenso ndikamayankha foni ndimangoti, ee, ndi yomweyo.

Miyala ya amake Lute ndi anzake sinabwerere. Inalowa m'matope, ili pansi pa dzenje lija mpaka pano. Mwezi umenewo amayi aja analibe chogulitsa, ndipo ndikudziwa kuti m'nyumba zina munagonedwa ndi njala chifukwa cha ine. Chimene ndimatha kuchita ndi ichi: miyala ikuluikulu imene ndimafukula pokumba maziko, imene eni malo amati ndikataye, ndimakaikhuthula pamalo pawo m'mbali mwa msewu kuti asavutike kukaisaka kutali. Amake Lute akaona tipa ikubwera amakuwa kuti, "Nkhalamba ili bwanji?" Ine ndimati ikudya bwino, amayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wonyinyirika ngati ine. Ndikuthokoza mkazi wanga amene ankandipatsira makiyi aja. Ndipo kwa iwe m'bale wanga amene wachita chabwino koma chakubweretsera chitonzo, amene wakhala pakhomo miyezi foni osalira, usataye mtima, pitiriza kupemphera ngakhale madzi akuoneka kuti akukwerabe. Ine ndinkapempha Mulungu kuti andichotsere dzina la tipa ya maliro, mpaka ndinawononga penti. Iye sanalichotse, ndipo tsiku la tsoka langa dzina lomwelo ndi limene linaitana anthu.

Dzulo m'mawa akuluakulu anafikanso pageti, zipewa zili m'manja. Amake Dalitso anapita kukatenga makiyi pamsomali, koma anapeza palibe. Anali kale m'thumba mwanga. Ambuye akudalitseni nonse.