A Tifika Anaimika Basi Pambali

Malemu, achimwene anga amene kudepoti munkawatcha a Tifika, anabadwa pa 9 Malichi 1954, oyamba m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera kupulayimale. Mu 1976 anayamba kuyendetsa mathiraki, mu 1979 anakwatira alamu athuwa, ndipo mu 1985 anasamukira kumabasi. Dzina loti Tifika anawapatsa ndi apaulendo. Munthu akadandaula kuti basi ikuyenda ngati nkhono, iwo ankangoti, "Tifika, mayi. Othamangawo tikawapeza kutsogoloku."

Anapuma ntchito mu 2014, koma kupumako sikunathe chaka. Madalaivala achinyamata anali atathawira kumathiraki akunja, mabasi atangoima pabwalo, udzu ukumera m'matayala. Abwana anabwera kunyumba chipewa chili m'manja, ndipo malemu, amene kukana sankakudziwa, anavalanso yunifomu.

Apa ndinena mosapsatira. Chaka chatha shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinawafooketsa. Ndinawaona ndi maso angawa akuthira tiyi pambali pa kapu. Ndinapita kudepoti kukakalipa, anandiyankha kuti achimwene apirire kaye mpaka papezeke dalaivala wina. Winayo mpaka lero sanapezeke. Alamu anabisa yunifomu, iwo anapita kuntchito atavala suti yakutchalitchi. Foni ikalira pakhomo, mitima inkakhala m'mwamba. Sitinkaopa imfa yawo yokha. Tinkaopera anthu amene ankakhala kumbuyo kwawo, ena ali ndi ana pamiyendo.

Pa 3 Juni chaka chino, basi itadzaza, atatsala pang'ono kuyamba mtsetse wautali, anamva dzanja lamanzere likuchita dzanzi. Anapatukira pambali, anakoka handibuleki, anazimitsa injini, n'kuuza kondakitala kuti akaike mwala kutayala. Apaulendo anayamba kulalata kuti nkhalambayi yawachedwetsanso. Kondakitala pobwerera anawapeza atatsamira chiwongolero, osayankhula. Anamwalira kuchipatala tsiku lotsatira.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza kondakitala amene sanawasiye okha, anamwino, ndi inu nonse mwagona nafe pano. Tikuthokozanso abwana akudepoti chifukwa cha basi yonyamula olira, ngakhale yafika mochedwa posowa woyendetsa.

Tikulira, inde. Koma yang'anani kutsogoloku: bokosi ndi limodzi. Onse amene anakwera basi ija anakagona kwawo.

Achimwene, mwafika. Usani mumtendere.