Anabwerera Pakhonde

Minibasi itachedwa pa Nkando, ine makutu ndinatchera kwa mayi wogulitsa nanazi amene ankaseleula bambo wina wogwira ganyu yonyamula katundu.

"Achimwene, chikuchita phokoso m'thumbamo n'chiyani? Mtedza?"

"Ma ARV, mayi. Ndimagona pakhonde la golosale, koma sindinadumphitsepo tsiku."

"Palibe mkazi wokutolani?"

"Analipo. Nyumba yamalata, bulangeti latsopano. Ndinamuuza za magazi anga, iye amvekere, 'Makondomu m'nyumba mwanga ayi.' Ndinangonyamula kathumba kanga kubwerera pakhonde."

"Ndi mvula ya ku Mulanje kunoyi?"

"Zovala zimauma, mayi. Koma mwana wa eniake ndikamupatsira matenda, ndidzamuyanika pati?"

"Iii! Amuna anga malata ali nawo, koma mutu umenewo alibe. Tengani nanaziyu. Ayi, osati ameneyo, wamkuluyo!"