Zala Ziwiri za Bambo Wichian

Malemu bambo Wichian Saengthong, amene ambirife timawadziwa kuti a Piak, anabadwa pa 9 Malichi 1961 m'mudzi wa Nong Waeng ku Roi Et. Anali mwana woyamba wa mayi Buaphan, amene anatilera okha ana anayi bambo athu atatisiya. Ine amene ndaima pano ndine mzime wa banjalo, choncho ndikalumpha zina mundikhululukire, poti zoyambirirazo ndinachita kumva.

Sukulu anayambira pa kachisi wa m'mudzi mwathu mu 1968. Kuyambira ali aang'ono sankalola chitsulo kukhala mwamtendere. Njinga ya amalume ankaimasula yonse, n'kuimanganso zitsulo zina zitatsala pansi, koma n'kumayenda bwino kuposa kale. Mu 1984 anamaliza maphunziro a uinjiniya ku yunivesite ya Khon Kaen, ndipo analembedwa ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Samut Prakan.

Mu 1989 anamanga banja ndi mayi Lamai, namwino. Alamu angawa amanena mpaka lero kuti tsiku loyamba kukwera nawo takisi, a Piak sanawayamikire diresi. Anangowafunsa ngati mawondo akugunda mpando wa kutsogolo.

Mu 1996 anasamutsidwira kuno ku Rayong, kumene anapatsidwa mbali ya mipando ndi zitseko za kumbuyo. Mu 2006 kampani inayamba kukonza galimoto yatsopano ya zitseko zinayi yoti ikagulitsidwe m'mayiko ambiri. Akuluakulu ojambula mapulani a galimoto, ochokera ku likulu kunja, anatsitsa denga ndi zala ziwiri kuti galimoto izidula bwino mphepo, isamamwe mafuta ambiri. Mfundo yawo inali yomveka. Koma achimwene anga anakana, amvekere kumbuyo kumakhala makolo ndi amonke, atsogoleri athu a kukachisi, ndipo mutu wa munthu wamkulu sugundidwa ndi chitsulo.

Ataona kuti mawu sakulowa, anachita zimene ena a inu mukuzikumbuka. Anakatenga amayi kumudzi, atavala nsalu yawo ya silika yopitira kukachisi, n'kuwalowetsa m'chipinda chachinsinsi momwe munali chifanizo cha galimotoyo, cha matabwa ndi dongo. Amayi anawerama, nyamakazi ikuwaluma m'mawondo, n'kugunda mutu pamwamba pa khomo. Anthu akuno onse anazyolika ndi manyazi. Amayi anangosisita pamphumi nati: "Piak, zaka zonsezi wakhala ukumanga khola la nkhuku?" Akuluakulu a ku likulu aja anapempha kuti awamasulire, koma aliyense anayang'ana kumbali.

Ndisakunamizeni pamaso pa amonke, denga silinakwere. Malemu anadzudzulidwa chifukwa cholowetsa munthu wosagwira ntchito pakampanipo m'malo oletsedwa, ndipo udindo umene ankayembekezera unapita kwa wina. Akanakhala wina akanagwa mphwayi. Iwo anati zala ziwiri zikakanika kumwamba, azipeza pansi. Anasintha kaumbidwe ka thanki ya mafuta yomwe imakhala kunsi kwa mpando, anachepetsa siponji popanda kuumitsa mpandowo, n'kukulitsa khomo pamene pamadutsa mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zinawatengera zaka ziwiri, akubwera kunyumba akununkha guluu. Malemu analonjeza amayi kuti galimoto ikatuluka, oyamba kukhala kumbuyo adzakhala amayiwo.

Amayi anamwalira mu Juni 2008. Galimoto inatuluka mu Seputembala. Malemu anasungitsa phulusa la amayi kukachisi mpaka atagula galimoto yawo ya mtundu watsopanowo, ndipo tsiku lokalimwaza panyanja ku Sattahip anatsegula chitseko cha kumbuyo, anaika dzanja pamwamba pa khomo monga timachitira ndi akuluakulu, n'kukhazika chikho cha phulusacho pampando. Ine ndinalira tsiku limenelo kuposa pa maliro penipeni.

Anapuma ntchito mu 2021, ndipo galimoto ija anakana kuigulitsa ngakhale ana ankawaseka nayo. Mu 2023 anawapeza ndi khansa ya chiwindi. Pa ulendo wawo womaliza wa kuchipatala analibenso mphamvu zoyendetsa, motero anakhala kumbuyo, malo amene sanakhalepo chigulire galimotoyo. Analowa osagunda paliponse. Anakweza dzanja, anayeza ndi zala ziwiri pakati pa mutu ndi denga, n'kuuza akazi awo kuti: "Lamai, amayi akanalowa bwinobwino." Anatsikira kuli chete pa 14 Novembala 2024, ali ndi zaka 63.

Asiya akazi awo mayi Lamai, ana awiri, Kanokwan ndi Thanawat, zidzukulu zitatu, ndi ife abale awo atatu. Banja likuthokoza amonke amene atipempherera masiku onsewa, madokotala ndi anamwino, anzawo a kufakitale amene abwera ndi mabasi, ndi amayi a m'dera lino amene sanachoke kukhitchini. Posachedwa tikuitanani kuti mudzaike maluwa anu pa bokosi tisanayatse moto.

Mawa tikatola phulusa, ulendo ndi wa ku Sattahip, pa galimoto yomweyo. Thanawat mwananga, ukamatsegulira bambo ako chitseko, usaiwale dzanja pamwamba pa khomo.

Pitani bwino achimwene, amayi akukudikirani. Mzimu wanu uuse mumtendere.