Mashini Yosefa Mphepo ku Malota

Pamzere wa sopo, bambo wina wovala tayi, dzuwa likumuwotcha m'khosi, anapeza mayi woti amumvetsere.

"Ine, amai, kunyumba kwanga ku Malota kuli mashini yosefa mphepo. Muzungu wa kunjanji ananigulisa pobwerera kwao."

"Ni ya chani, ba tate?"

"Bakazi banga bakhosomola na utsi wa mbaula. Ba dokota banati bafunika mphepo yabwino."

"Kanshi malaiti muli nayo?"

"Ba Chipani banalonjeza. Ise tinaikiratu mashini pawindo."

"Mawindo muli nayo yangati?"

"Imozi chabe. Inakwana bwino, monga banachita kupima."

"Manje utsi uchokera pati?"

Mzere unasendera pang'ono.

"Bakazi banga kukhosomola bakali kukhosomola. Koma aliyense wopita mumsewu amaimirira kuona."