Impso ya Mkamwini

Olemekezeka wapampando wa bungwe loyendetsa malo ano, a Bonface Matewere, olemekezeka mkulu wa kafukufuku, Dokotala Constance Namakhwa, pamodzi ndi gulu lanu lonse, abusa ndi ansembe, madokotala ndi anamwino, atolankhani, amayi ndi abambo, landirani ulemu wanu.

Mukandiona ndikusekerera ndekha, musaganize kuti mwaitana wamisala. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole ndiyambire patali.

Ine ndine Felicia Kapichi wa ku Naperi, mphunzitsi wopuma. Sayansi sindiidziwa, koma ndimayenda ndi impso ya munthu wina. Zanga zitalephera, abale anga onse anayezedwa, ndipo amene thupi lawo linagwirizana ndi langa anali amuna anga, a Bennet, akhala apowo. Koma kwathu kuno nkhani yaikulu siyenda popanda ankhoswe. Atakumana a mbali zonse, amalume awo a amuna angawa anafunsa osaseka n'komwe: "Mwana wathuyu ndi mkamwini. Banja likadzatha, adzachoka ndi bulangete lokha. Nanga impsoyi idzabwerera kwathu?" A Bennet anangoti, "Amalume, ndiye kuti silidzatha." Sekani ndithu, inenso ndinaseka, miyendo ili yotupa.

Ankhoswe anavomera, opaleshoni ku India inayenda bwino, koma panatsala wina amene sitinamufunse: chitetezo cha m'thupi langa. Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma chitetezochi mwambi umenewu sichiudziwa. Kachirombo ndi mphatso chimapirikitsa mofanana. Mankhwala ochigonetsa alipo, koma chikagona, chimfine chokha chimakugwetsa, ndipo kachilonda kakang'ono kamakana kupola. Ntchito ya nyumba ino yagona pamenepa: kufufuza momwe thupi lingalandirire chiwalo chachilendo popanda kutsegulira matenda khomo, ndi momwe mnofu wovulala ungapolere msanga.

Mwezi wathawu miyendo yanga inayambanso kutupa. Adokotala anati mwina thupi layamba kuikana impso ija. Ndinachita mantha, sindikubisirani. A Bennet anasiya kudya, poti anatsala ndi imodzi, ndipo ina yoti andipatse palibe. Kale magazi anga akanapita kunja, ife n'kumadikira tikuwonda. Koma Dokotala Namakhwa anati, "Amayi, makina athu afika, bwerani."

Lero ndikulowa pageti, adokotalawa anandikokera pambali n'kundinong'oneza zotsatira. A Bennet sanamve, anali akulimbana ndi poimika galimoto. Ndasunga nkhaniyi pemphero lonse, nyimbo zonse za kwaya, ndipo sindingathenso.

A Bennet, bambo a Tisungeni, taimirirani. Impso yanu sikukanidwa. Kutupa kuja anali mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo angowasintha basi. Ikugwira ntchito, ndipo ikukhala. Lirani, musachite manyazi, anthuwa ndi athu.

Kwa inu amene munamanga nyumbayi, ndi kwa inu amene mudzagwiramo ntchito, ndikuthokoza m'malo mwa onse amene akudikirabe yankho ngati langali. Aliyense adzamve lake kuno kwathu, wake ali pambali.

Tsono, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti malo ofufuzira za chitetezo cha m'thupi ano atsegulidwa. Ndipatseni lumo ndidule riboni msanga, ndipite ndikawagwire bambowa asanagwe.

Zikomo kwambiri.