Magazi amene ndinkakwirira kuseri kwa nyumba

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine sindizolowera kuyankhula pagulu, ndipo sukulu ndinalekera panjira, koma za chiseyeye chimene chinandizunza ndili woyembekezera sindingazibise.

Migodi itagulitsidwa, amuna anga anachotsedwa ntchito, chipatala cha kumgodi chinatitsekera khomo, tinasamukira ku Luangwa. Kumeneko mwana wanga woyamba anabadwa masiku asanakwane, ndipo sanakhalitse. Pa mimba ija nkhama zanga zinkatupa ndi kutuluka magazi, koma kusikelo ankangoyeza mimba ndi miyendo. M'kamwa sanayang'anemo aliyense.

Nditaimanso, magazi aja anabwerera. Mtima wanga unaloza Bana Mwila, mayi woyandikana nafe, amene ankakonda kundifunsa chifukwa chimene ndinkatsekera pakamwa ndi chitenje. Ndinati ndi iwowa anandidyera mwana. Ndikalavula ndinkakwirira ndi dothi kuti asatole. Magwafa amene ankandipatsa ndinkataya m'chimbudzi. Ndinkapemphera kuti Mulungu aonetse mdani wanga poyera.

Tsiku lina kusikelo ndinapeza namwino watsopano, ndipo anati, "Amai, tsitsani chitenje, ndione m'kamwa." Mantha anandigwira. Masiku amenewo kunkamveka za anthu otenga magazi, komanso kwathu amati woyembekezera akagwidwa mano, mwana amachoka. Ndinanama kuti ndikupita kukataya madzi, ndinathawa.

M'mawa mwake namwino uja anafika pakhomo, atatsogozedwa ndi Bana Mwila. Ndinati basi, agwirizana. Koma namwinoyo anakhala pansi, nandiuza kuti nkhama zodwala zikalekereredwa zingathe kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane, ngakhale za woyamba uja sakanatha kulumbira. Bana Mwila anaseka: "Iwe mwana, magazi ako ndikachite nawo chiyani? Ndakhala ndikukuona ukukwirira ngati mphaka!"

Bana Mwila anandiperekeza okha kwa dokotala wa mano, atandigwira dzanja. Dokotalayo anatsuka nkhama, sanazule dzino, ndipo magazi anayamba kuchepa. Mwana wanga Chisomo anabadwa miyezi itakwana.

Ndikuthokoza Mulungu. Alongo oyembekezera, musafooke, ndipo kusikelo akaiwala m'kamwa, yasamulani nokha. Ine ndinapempha kuti ndione mdani, koma amene ndinkamuloza ndiye anali woyamba kusambitsa mwana wanga.